Tsamba la Pansi pa Chitseko cha Madamu Enayat

Shubra, Kairo
28 Novembala 1999

Okondedwa achemwali a Wahiba,

Mtendere ukhale pa inu ndi onse a pakhomo. Mukudzuka bwanji masiku ano? Nanga chifuwa cha amayi chija chinalekeza? Kuzizira kwayamba, musawalole kutsikira kumunda m'mamawa, ngakhale ndikudziwa kuti kuletsa amayi n'kungotaya malovu. Ife kuno tili moyo, Mulungu atamandike. Amake Rawya ali bwino. Rawya waguluka mano awiri akutsogolo, moti akuseka dzanja lili pakamwa.

Ndasankha kulemba m'malo moimba foni ya kugolosale ya a Sidhom chifukwa foni imene ija ili ndi makutu ambiri. Muwerenge muli nokha. Nkhaniyi ifika kumeneko ndithu, pakuti mlonda wa nyumba yoyandikana nafe ndi wa ku Dishna komweko. Ndi bwino muimve kwa mwini wake isanamere mapiko.

Kumayambiriro kwa mwezi uno a Injiniya Raafat, wapampando wa anthu okhala m'nyumba muno, anamata chidziwitso pafupi ndi chikepe chokwerera kunsanjika. Chinkati Lachisanu pa 19 kudzakhala msonkhano wogamula ngati apitirize kukhala ndi mlonda wa pakhomo kapena alembe kampani ya alonda a yunifolomu. Anamata ine ndili pomwepo, ndipo ndine ndinawagwirira selotepi. Sanaone chifukwa chondibisira. Zaka khumi ndi chimodzi ndakhala ndikuwagawira makalata awo osasokoneza ngakhale imodzi, komabe kwa iwo munthu wovala mkanjo wochokera kummwera amangozindikira manambala a pazitseko.

Mukudziwa tanthauzo lake. Ntchito ikatha, kachipinda kathu ka pansi pa masitepe katheranso pomwepo, ndi sukulu ya Rawya yomwe. Mabanja muno ndi khumi ndi awiri. Ndinawerenga uku ndi uku, nthawi zonse ankatuluka asanu ndi awiri ofuna kampani. Ena akuti ndimachedwa ndi buledi. Ena akuti mapaipi amagogoda m'makoma pampu ya madzi ikayaka, ngati kuti ndinawaika ndine.

Ntchito ya pakhomo ndi yokhala pabenchi, ndipo munthu wokhala pabenchi ali ndi nkhawa amadzidya yekha. Tsiku lina a Girgis, nkhalamba yogulitsa mabuku akale pakona pa msewu wathu, anandiyang'ana n'kunena kuti nkhope yanga ikuwathamangitsira makasitomala. Anandiponyera kabuku kokwana m'thumba, kachikuto chakuda, pali chithunzi cha chitseko. Ndinati ine za majini sindiwerenga, tili nawo okwanira kwathu. Iwo amvekere: "Tenga iwe. Mantha amachotsedwa ndi mantha anzake. Ukapanda kuiwala Injiniya wakoyo udzandibwezere."

Chimalizireni sukulu sindinagwirepo buku la nthano, ndipo la mtundu umenewu ndinali ndisanalitsegulepo. Ndi nkhani ya dokotala wina amene walandira nyumba ya agogo ake. M'nyumbamo muli chipinda chokhomedwa ndi misomali. Masana aliwonse wina amagogoda ali mkati, ndipo mawu ake ndi a mayi a dokotalayo amene anamwalira kalekale, akupempha madzi akumwa. Achemwali, musandiseke. Ndinachita tsembwe dzuwa likuswa mtengo, maminibasi akuliza mahutala pamaso panga. Tiyi ankazirala pabenchi. Tsiku lina a Injiniya anadutsa ine osaimirira, osawaona n'komwe. A Girgis ananena zoona. Bukulo likakhala lotsegula, Lachisanu lija kunalibe. Mantha a m'buku ali ndi ubwino umodzi: akakukulira umatseka, n'kuliika m'thumba.

Koma bukulo linali lakale, ulimbo wake unauma, masamba ankathothoka. Othothokawo ndinkawasunga m'thumba la mkanjo.

Lamlungu pa 14 ndinakweza silinda ya gasi kupita kunsanjika yachinayi, kwa Madamu Enayat. Ndi mayi wamasiye, amakhala ndi mwana wawo Wael ndi mkazi wake Nermin. Tsikulo kunali Nermin yekha, khanda lili m'manja. Mphepo inkamenyetsa chitseko, ine silinda ili paphewa. Ndinapisa m'thumba, n'kutulutsa pepala loyamba limene dzanja linakhudza, n'kulipinda makona atatu ngati samusa kuti lilimbe, n'kulitsindika pansi pa chitseko. Ndinalumikiza gasi, ndinatsika. Za pepalalo sindinaganizeko.

Lachiwiri m'mawa ndinaitanidwa kumwamba. Ndinapeza anthu a nsanjika zitatu ataunjikana pamasitepe. Madamu Enayat anali pakhomo pawo, chopanira makala chili m'manja, atatambasula mkono. Pachopaniracho panali pepala langa, litafunyululuka theka. Mwa masamba onse a bukulo, dzanja langa linatola limene pali chithunzi cha chithumwa chimene agogo a dokotala uja anakwirira pakhomo: bwalo la timabokosi, manambala, zilembo zosalumikizana, ndi nyenyezi pakona. M'munsi mwake ndinaona kanambala kakang'ono, 87.

Inu mukudziwa mmene anthu athu amachitira ndi pepala lotere likapezeka pansi pa chitseko litapindidwa makona atatu. Palibe amaligwira, palibe amaliwerenga, chifukwa akuti kuwerenga ndi kulitsegulira njira. Akanangolitembenuza akanaona kuti kuseri kwake ndi nkhani yosindikizidwa pamakina. Palibe anatembenuza. A Injiniya, ndi madigiri awo onse, anaima sitepe yachitatu n'kumayang'ana kudenga, milomo ikugwedera ndi mapemphero.

Madamu anandifunsa kuti: "Iwe Hefni, ndani wachilendo wakwera muno sabata ino?" Ndinayankha kuti palibe, Madamu. Chinali chilungamo, koma chilungamo chimenechi ndicho chinapha. Madamu anatembenuka pang'onopang'ono n'kuyang'ana mpongozi wawo. Anati ngati sanalowe mlendo ndiye kuti njoka ndi ya m'nyumba momwemo. Anati tsopano amvetsa chifukwa chake mawondo awo akutupa, ndi chifukwa chake Wael, mwana amene sanawayankhepo, wayamba kukamba zokafuna nyumba yakeyake. Nermin anangoti: "Amayi, ndikulumbira pa mwana uyu." Iwo amvekere: "Usandinene amayi. Amako ndi amene anakuphunzitsa zimenezi."

Pepalalo analiika m'botolo la jamu n'kutseka, kudikira shehe wa mzikiti wathu amene anati abwera Lachinayi. Ine anandituma kukagula mchere, ndipo ndinatsuka masitepe onse ndi madzi a mchere, kuyambira pamwamba mpaka pansi, buku lili m'thumba likundimenya ntchafu.

Ndinawauza amake Rawya kuti pepalalo ndi langa. Anatseka chitseko n'kunena motsitsa mawu kuti: "Inu bambo a Rawya, pakamwa panupo mutsekepo. Kwatsala masiku atatu. Mtsikana uja kwawo kuli zipinda zinayi, ife tikachoka pano tikagona m'chikepe cha ndani?" Ndinati koma ndi buku chabe. Anati ndikawauze zimenezo anthu amene amati aliyense wa kummwera amakumba chuma ndi majini pansi pa nyumba yake. Sananame. Mlonda ndiye amadziwa nsapato za aliyense, nthawi yotuluka ndi yobwera, dzina la mayi wa aliyense limene olemba zithumwa amafuna. Ngati pali munthu amene safunika kupezeka ndi pepala lotere, ndi mlonda.

Ndinakhala chete Lachiwiri lonse ndi Lachitatu. Sindibisa. Ndinkadziuza kuti shehe akabwera aona yekha, nkhani itha popanda dzina langa. Kenako ndinkakumbukira kuti mashehe ena sawerenga n'komwe, amangomiza pepala m'madzi mpaka inki isungunuke, umboni n'kupita nawo. Ndinayesa kubwerera ku buku langa kuti ndiiwale. Ndinafika tsamba 86, lotsatira linali 89. Ndinalitseka. Nthawi imeneyi mantha sanalowe nawo m'thumba.

Kumwamba kunkamveka mawu, zitseko, mbale. Wael ankatuluka m'mawa kwambiri n'kumadutsa chowerama. Ndi mwamuna wabwino wa mtundu uja umene umadikira kuti akazi amalize okha.

Lachinayi chakumadzulo, titaswali, shehe anakwera. Patapita kanthawi ndinaitanidwa kukanyamula sutikesi. Inali ya Nermin. Bambo ake anali panja m'galimoto, atakana kulowa. Mtsikanayo anali atavala kale zapaulendo, maso ali psuu, khanda lili paphewa. M'nyumba yonse ino ndi iye yekha amene amanditchula kuti amalume. Anati: "Amalume a Hefni, pepani ndi yolemera, muli mabuku." Ndinainyamula. Ndinatsika nayo nsanjika imodzi. Sindingakuuzeni kuti ndinaganiza chinthu chanzeru. Sutikesiyo ndinangoitula pamenepo n'kubwerera.

Botolo linali patebulo, shehe akupinda manja a malaya, beseni la madzi lili pambali. Anansi anadzaza pakhomo. Ndinapempha kuti ndilankhule. A Injiniya anati ndikadikire kunja. Ndinati pepala ilo ndi langa.

Ndinatulutsa buku, ndinatsegula botolo ndi manja angawa, mayi wina n'kubwerera m'mbuyo mpaka kuponda mnzake. Ndinawongola tsambalo n'kuliika pakati pa 86 ndi 89. Linakwana bwinobwino, mpaka dontho la tiyi la wowerenga wakale linakumana mbali zonse ziwiri. Ndinafotokoza za gasi, za mphepo, za chitseko. Nermin anati akukumbukira. Madamu anati mtengwa wawo angakumbukire chilichonse chomupulumutsa.

A Injiniya anafunsa kuti buku ndi la chiyani kwa ine. Ndinati ndimawerenga, bwana. Anaseka pang'ono, amvekere: "Iwe? Tawerenga timve." Apa ndiye ndinalakwitsa kachiwiri. Ndikanasankha tsamba lina. Koma ndinafuna kuwaonetsa kuti kuseri kwa chithunzicho ndi nthano wamba, ndiye ndinatembenuza n'kuwerenga mzere woyamba umene maso anagwerapo, momwe a Fakhri ankatiphunzitsira kusekondale, mawu onse omveka, mapeto ake osameza. Mzerewo unkati wochotsa pepala ili pamalo pake asadzayankhe akamva kugogoda.

Nthawi yake inali imene pampu imayaka yokha tanki ikatsika. Khoma la kukhitchini kwa Madamu linagogoda. Limagogoda tsiku ndi tsiku, ndipo ndi iwo amene akhala akundidandaulira za mapaipiwo zaka zitatu. Tsiku limenelo palibe anakumbukira mapaipi.

Shehe, ndimuyamikire, analanda bukulo n'kuliyang'ana kutsogolo ndi kumbuyo. Anati ndi nthano zogulitsa pamsewu, mtsikana alibe mlandu, ndipo munthu wa msinkhu wanga akanachita bwino kuwerenga zopindulitsa moyo wake. Akanalekera pomwepo zikanakhala bwino. Koma povala nsapato anawonjezera kuti ngakhale zili choncho, zinthu zina zikatchulidwatchulidwa zimayandikira. Anthu anataya mawu ake onse n'kusunga omalizawo. Madamu anati: "Ndiye kuti ali nalo buku lonse la zimenezi." Sanakuwe. Ananena ngati munthu amene akudziuza yekha.

Sutikesi ndinaikwezanso ndine. Bambo a Nermin anabwerera okha. Wael anandigwira paphewa pamasitepe pamene panalibe woona, n'kupita.

Amake Rawya anayamba kulongedza ziwiya m'katoni.

Lachisanu titachoka kumzikiti ndinayala mipando khumi ndi iwiri polowera, ndinaphika tiyi monga mwa nthawi zonse, n'kukaima pafupi ndi geti. A Injiniya anawerenga mapepala a kampani, ubwino wake, mayunifolomu, wailesi za m'manja. Mawu awo ankatsika akamayandikira kumapeto. Kenako anati ofuna kuti mlonda achoke akweze manja.

Ndinayang'ana asanu ndi awiri anga aja mmodzimmodzi, osati mowaopseza, ndinkangofuna kuona nkhope za anthu amene ndawanyamulira madengu zaka zonsezi. Aliyense amene maso anga anamupeza anatsitsa ake. Dzanja la bambo wa nsanjika yachiwiri linanyamuka mpaka pachifuwa, mkazi wake n'kulikoka. A Injiniya anayang'ana nsapato zawo. Amene anatseka nkhani ndi Madamu Enayat. Anati: "Musiyeni akhale. Munthu wadya nafe mchere, tisamukwiyitse." Palibe dzanja linakwera. Matambula khumi ndi awiri a tiyi ndinawatola odzaza monga ndinawaperekera.

Choncho ntchito ilipo, achemwali, ndi chipinda chomwe. Ziwiya zabwerera pashelefu. Amake Rawya akuti tithokoze Mulungu, walira mvula walira matope.

Matopewo ndi awa. Sabata yonseyi palibe wandituma buledi. Anthu amene ankandiitana kuti iwe Hefni ali pansanjika yachisanu tsopano akutsika okha, n'kundipatsa moni woyamba, akuti a Hefni mwaswera bwanji, akudutsa chakukhoma. Zovala za ana zimene zinkayanikidwa kumbuyo pafupi ndi zenera lathu zasamukira padenga. Lolemba Rawya anakwera kukasewera ndi mnzake wa nsanjika yoyamba, anauzidwa kuti mnzakeyo wagona, iye akumumva akuseka mkati. Anabwera kudzandifunsa ngati n'chifukwa cha mano. Ndinati inde.

Lachitatu mkazi yemwe uja anakoka dzanja la mwamuna wake anandipeza ndikutsuka polowera. Anayang'ana uku ndi uku n'kundinong'oneza dzina la mwamuna wakeyo ndi la apongozi ake, akuti bamboyo wayamba kuchedwa kubwera, ndimulembereko kanthu kakang'ono. Ndinati Madamu, ine ndimangowerenga nthano. Anamwetulira, amvekere: "Ndamva, a Hefni. Pano pali anthu. Ndibweranso."

Buku ndinalimaliza. Amake Rawya ankafuna kulitentha, ndinati ayi, ndi la eni, komanso utsi wa pepala ukatuluka pazenera lathu sabata ino sindikudziwa kuti anena chiyani. Dokotala uja anatsegula chipinda pamapeto pake. Sindikuuzani zimene anapeza, mungalephere kutunga madzi. Nditakalibweza, a Girgis anaseka mpaka kutsokomola, akuti zaka makumi atatu akugulitsa mabuku, sanaonepo lina lopezera munthu ntchito. Anandipatsa lachiwiri. Ndalitenga, koma ndayamba ndalisoka ndi ulusi.

Tsopano pempho langa, ndi limodzi lokha. M'bokosi lachitsulo la malemu bambo, pansi pa mapepala a munda, muli satifiketi yanga ya kusekondale. Ndinaisiya kumeneko pobwera kuno chifukwa ondipezera ntchito anati mlonda wophunzira safunika, amaopedwa kuti awerenga makalata a eni. Zaka khumi ndi chimodzi ndavomera kuoneka mbuli kuti ndidye. Lero ndaona kuti anthuwa n'chapafupi kwa iwo kukhulupirira kuti ndimalankhula ndi majini kusiyana ndi kukhulupirira kuti ndinakhalapo m'kalasi. Ndikufuna ndiiike m'galasi, ndiipachike pamwamba pa benchi langa, pamene aliyense wodikira chikepe aziiona. Mwina akadziwa kumene ndinaphunzira kuwerenga, mantha awo achepa. Ndikudziwa kuti mantha akachepa manja aja akhoza kudzakwera pamsonkhano wina. Ndaganizira zimenezo, ndipo ndayang'ana Rawya atakhala yekha pasitepe yoyamba. Satifiketiyo itumizeni.

Mupatse mlamu wanga a Abdel-Radi akamabwera ndi lole ya anyezi Ramadani isanayambe. Amayi musawauze zambiri. Akamva kwa ena, muwauze kuti mwana wawo akuswali kasanu monga anamuphunzitsira, ndipo tchimo lake ndi nthano basi.

Mundiperekere moni kwa amayi, muwapsompsone dzanja m'malo mwanga. Moni kwa alamu anga, kwa adzukulu anga onse, makamaka wamkuluyo amene akulemba mayeso chaka chino, kwa azakhali a kutsidya kwa ngalande, ndi kwa amalume ngati asiya kundikwiyira za mbuzi ija. Amake Rawya akupereka moni, akuti buledi wanu uja wofufumitsa padzuwa anatha kalekale, koma ndawauza kuti pempho m'kalata ino ndi limodzi.

Satifiketiyo muiike pakati pa makatoni awiri, ifike yowongoka. Chonde musaipinde, ngakhale kamodzi. Ikafika yopinda, m'nyumba muno palibe adzayerekeze kuiwerenga.

Ndine mlongo wanu,
Hefni